Amalume Akwera Phiri Atavala Suti

Amalume anachoka kwathu ku Ntcheu ine ndisanayambe sukulu. Anapita ku Joni kukagwira ntchito m'migodi, analemba makalata awiri, kenako zii. Pofika 1997 anali atatha zaka zoposa makumi awiri osamveka, ndipo achibale ambiri anali atawawerengera kale kwa akufa. Mayi anga okha ndi amene ankakana. Amalumewo anali mlongo wawo mmodzi yekhayo, mwini mbumba, ndipo mayi ankati munthu safa popanda uthenga.

Nkhaniyi inafika povuta pamene mlongo wanga wamng'ono anapeza mwamuna. Chinkhoswe anachiika mu Ogasiti, anthu atakolola. Kwathu mwana wamkazi sakwatiwa popanda mawu a amalume ake. Achibale anati pasankhidwe nkhoswe ina, popeza mtchona uja anapita kalekale. Mayi anati pampando wa munthu wamoyo sipakhala wina. Mlongo wanga ankangolira, ndipo akuchimuna anayamba kung'ung'udza kuti akutayitsidwa nthawi.

Ine nthawi imeneyo ndinali ku Rustenburg, ku Joni komweko, ndikugwira ntchito pa kakampani kosindikiza mapepala nditasiya ya nyuzipepala ku Blantyre. Kalata ya mayi inali yaifupi: ufunefune amalume ako, ukawapeza unditumizire chithunzi chawo ndi mawu awo chinkhoswe chisanafike.

Ndinawapeza patatha milungu isanu ndi iwiri, nditafunsa m'mahositelo a ku Kroondal, pokwerera matekisi, ndi kutchalitchi kumene Amalawi ankasonkhana. Anali ku Segwaelane, mudzi waukulu wa kufupi ndi Brits. Anali ndi nyumba ya njerwa ya zipinda ziwiri, mkazi wachitswana, mitengo iwiri ya mapichesi, ndi ntchito pa mgodi wa pulatinamu kumene ankatsogolera gulu loimika mizati yochirikiza denga. Nditatchula dzina la mayi anakhala pansi pakhonde, navula chipewa, nafunsa za anthu mmodzimmodzi mpaka dzuwa kupendeka. Theka la amene anawafunsawo anali atamwalira.

Za ukwati anavomera msanga. Chithunzi ndicho chinavuta.

"Pano ayi, mphwanga. Akaona zipinda ziwirizi adzati zaka zonsezi ndi zimenezi?"

Ndinati ndiye tipite ku situdiyo ku Brits.

"Kuja koimika munthu pafupi ndi telefoni yopanda waya? Mtchona aliyense anatumiza chithunzi chimenecho. Kumudzi amaidziwa telefoni imeneyo kuposa eni ake."

Analoza kumwera, kumene phiri la Magaliesberg limaima ngati khoma lalitali. Ku Hartbeespoort, pamene phirilo limatchinga madzi a damu, kunali chingwe chokweza alendo m'timabokosi mpaka pamwamba. Amalume anali atationa timabokosito kuchokera pamsewu kwa zaka zambiri, nthawi imene munthu wakuda ankafika kumeneko pokhapokha atagwira tsache.

"Tsopano akuti dziko ndi la tonse," anatero. "Ndikajambulitsa pamwamba paja. Chithunzi chikatuluka, ndilemba mawu kumbuyo kwake. Popanda chithunzi chimenecho sindilemba kanthu."

Tinapita Lamulungu lina mu Meyi, kumwamba kuli mbee. Tinali anayi: amalume, akazi awo amene ndinkawatcha azakhali, ine, ndi mnzawo wa amalume wa ku Tete, bambo wamfupi wankhani zambiri amene anagwira nawo ntchito pansi kwa zaka makumi awiri. Iyeyo ndiye anali ndi galimoto, kaja konyamulira katundu kumbuyo. Awiriwo sankaitanana maina. Amalume ankamuti Mpwitikizi, iye ankawati Mnyasa.

Tinafika cha m'ma teni koloko. Poimika magalimoto panali mabanja a azungu, amwenye a ku Pretoria, gulu la ophunzira za miyala a ku yunivesite atanyamula tinyundo, ndi anthu ena obereka zikwama zikuluzikulu, amene tinamva kuti amakadumpha pamwamba n'kuuluka ndi nsalu. Onsewo anali m'makabudula ndi nsapato za mphira. Ife tinatsika ngati tikupita kuukwati. Kwathu munthu wokaona malo amavala zabwino, ndipo palibe anatiuza kuti kuphiri anthu amavala zakutha. Amalume anali mu suti yakuda ya zidutswa zitatu, chipewa cha nthenga, ndi nsapato zosongoka zonyezimira. Bambo wa ku Tete anamanga tayi yofiira. Azakhali anavala diresi labuluu la kutchalitchi, atanyamula dengu la nkhuku yootcha ndi mandasi. Ine ndinali m'jekete yobwereka, kamera yobwerekanso ili pakhosi, mutatsala mafilimu asanu ndi limodzi.

Amalume sanayang'ane phiri. Anapita molunjika pa gudumu lalikulu lozunguza chingwe, manja kumbuyo, naima pamenepo mphindi zisanu.

"Chingwe chake ndi chimenechi?"

"Ndi chimenecho, amalume."

"Chathu cha ku shafuti, polowera mu mgodi paja, n'chonenepa ngati mkono wangawu. Ichi n'choyanikapo zovala."

Wokweza anthu anali bambo wachitswana waimvi. Amalume anamufunsa m'chilankhulo cha ku mgodi kuti belu lili kuti. Bamboyo anati kulibe belu. Timabokosi sitiima n'komwe, timangochepetsa liwiro pofika pokwerera, munthu n'kulowa tikuyenda.

Apa m'pamene panagona vuto. Ku mgodi munthu salowa m'keji, chikepe chija chotsitsa anthu pansi, wa belu asanaimbe katatu kudziwitsa woyendetsa injini kuti mukulowa anthu, ndipo woyendetsayo amayankha katatu. Belu limodzi la pambuyo pake ndilo lakuti kokani. Wolowa m'keji ikuyenda amachotsedwa ntchito tsiku lomwelo, ngati watsala ndi miyendo yopitira kwawo. Amalume anasunga lamulo limeneli moyo wawo wonse wauchikulire, ndipo anali ataliphunzitsa kwa anyamata osawerengeka.

Tinaima kutsogolo kwa mzere. Kabokosi koyamba kanadutsa. Kachiwiri kanadutsa. Anthu a kumbuyo kwathu anayamba kutipitirira, ena akumwetulira mwaulemu, ena akuyang'ana nsapato zathu. Ndinawerenga timabokosi tisanu ndi tiwiri. Kenako amalume anachoka pamzere, nakakhala pa kampanda ka miyala, chipewa chili pabondo.

"Mphwanga, bwera kuno."

Ndinakhala pambali pawo.

"Pansi paja ndimatsika mtunda woposa uwu tsiku ndi tsiku, koma sindiona chimene ndingagweremo. Mdima umandibisira. Apa zonse zili poyera." Anatembenukira kwa ine. "Ulembe kalata. Uwauze kuti sunandipeze. Asankhe wina, mwanayo akwatiwe. Anazolowera kale kukhala opanda ine."

Ndinkadziwa kuti mayi sangalole nkhoswe ina asanamve za manda, ndipo bodza langa likanangoimitsa ukwati wa mlongo wanga chaka china. Azakhali anaika dengu pansi nayamba kuwakalipira m'Chitswana. Ndinamvapo zoti sutiyo anayamba kuisita Lachisanu, ndi zoti nkhukuyo inali yoikira mazira. Bambo wa ku Tete anadikira kuti amalize.

"Iwe Mnyasa, zaka zonsezi ndakhala ndikuuza anyamata kuti suopa kanthu. Lero ukuthawa kabokosi kamene akwera agogo achizungu aja ndi kagalu kawo?"

"Agogowo sadziwa chingwe. Ine chingwe ndimachidziwa, Mpwitikizi iwe."

"Wati vuto ndi kuwala?"

"Ndatero."

"Ndiye tizimitse. Vula jekete."

Bambo wa ku Tete anapita kukalankhula ndi wokweza anthu uja. Ndinaona Mtswanayo akupukusa mutu, kenako akuseka mpaka kugwira m'mimba. Bambo ake naye anali wa ku migodi ya golide, ndipo za mabelu ankazidziwa. Anatikodola kuti tibwere.

Amalume anadzifunditsa jekete kumutu, manja a jeketeyo akulendewera pachifuwa. Azakhali anawagwira dzanja, ine ndinanyamula chipewa. Kabokosi katafika, wokweza anthu anakakumbatira ndi manja onse awiri kuti kadekhe kamphindi. Bambo wa ku Tete anagogoda pa chitsulo chake ndi kiyi wa galimoto: ngwe, ngwe, ngwe. Wokweza anthu anayankha ndi chidendene pa chitsulo cha pansi, katatunso. Amalume analowa okha, osakankhidwa, ngati munthu wolowa m'nyumba mwake. Ife tinatsatira. Kiyi analira kamodzi, ndipo nthaka inatisiya.

Anthu a pamzere anaomba m'manja. Amalume, ali m'jekete muja, anafunsa kuti chachitika n'chiyani. Tinati palibe.

Ulendo wokwerawo unali wokongola, ndipo mwini wake sanauone. Mitengo inatsika pansi pa mapazi athu, kenako miyala yofiirira, kenako banja la anyani litakhala pathanthwe likutiyang'ana. Damu linayamba kuonekera kumbali, likukula pang'onopang'ono. Azakhali, amene pansi paja ankalimba mtima kuposa tonse, anandigwira mkono mpaka kundisiyira zikhadabo, akufuula kuti "Modimo wa me!", kuitana Mulungu m'Chitswana, uku akuseka. Kabokosi kakamadutsa pa nsanja yachitsulo yogwira chingwe kankagwedezeka, ndipo bambo wa ku Tete anasandutsa nsanja iliyonse kukhala leveli ya mu mgodi, akuwerenga chobwerera monga amachitira potuluka pansi.

"Leveli teni! Leveli naini! Leveli seveni!"

"Wadumpha eyiti," anatero mawu a m'jekete.

"Eyiti anaitseka, munalowa madzi."

"Bodza. Uwerenge bwino."

Titafika pamwamba bambo wa ku Tete anagogoda kamodzi nati, "Chayile, madala, taweruka." Amalume anatuluka, anayenda mapazi asanu kuchoka pokwerera, napondaponda nthaka kuti aimve. Kenako anachotsa jekete, akutsinzinira ngati munthu wotuluka mu shafuti masana.

Kumwera kunali damu lonse, maboti oyera akulemba mizere pamadzi. Kutsidya kwake, m'timapiri, kunkaoneka nyumba ndi chumuni chachitali za akatswiri a sayansi, ndipo chikwangwani chinati m'zigwa za kumeneko mulinso malo amene anthu akhala akuyang'anirako nyenyezi kuyambira kale. Anthu a zikwama aja anali akuyala nsalu zawo zamawangamawanga, n'kuthamanga, n'kudziponya m'malere. Amalume anayang'ana mmodzi wa iwo mpaka anachepa ngati gulugufe.

"Ameneyo ali ndi amalume ake?"

"Mwina ali nawo."

"Sakumulangiza bwino."

Chimene chinawasangalatsa koposa chinali miimba. Inkauluka m'munsi mwathu, m'mphepete mwa phompho, mapiko ali tambalale osakupiza n'komwe.

"Mpwitikizi, bwera udzaone! Ndaona msana wa muimba! Kubadwa konse ndimangoona mimba yake."

Tinatsata kanjira ka m'miyala kufuna malo odyera. Nsapato za kuukwati zinayamba kutilanga. Bambo wa ku Tete anaterereka nakhala pansi mwamphamvu, tayi ili paphewa, ndipo amalume anaseka mpaka kukhosomola. Azakhali anavula zawo, naziika m'dengu pamodzi ndi mandasi. Tinapeza thanthwe lotulukira kunja ngati khonde, pansi pake pali mthunzi. Ine ndinali nditawerama kale kuti ndikhale.

"Basopo! Usalowe."

Amalume anatola ndodo youma nayamba kugogoda denga la thanthwelo, kuyambira kunja kulowa m'kati, khutu atalipendeka. Atamaliza anati, "Lowani, lili bwino."

Ophunzira a tinyundo aja anali pafupi, ndipo mphunzitsi wawo, mayi wachizungu wopsa ndi dzuwa, anabwera kudzafunsa chimene bambo a suti ankachita. Ndinamasulira. Amalume anafotokoza kuti mwala wolimba umalira ngati belu, wosweka m'kati umalira ngati ng'oma, ndipo munthu sakhala pansi pa mwala asanaufunse. Mayiyo anaitana ophunzira ake onse, napempha amalume kuti abwereze. Anabwereza, ndipo anawapezera mwala wina wa pambali wolira ngati ng'oma. Ophunzirawo anaugogoda mmodzimmodzi. Mtsikana wina analemba m'kope.

Pobwezera, mphunzitsiyo anatitengera pa thanthwe lina lathyathyathya natiuza kuti tigwade. Pamwalapo panali timizere tokhotakhota, tofanana ndendende ndi timene madzi amasiya pamchenga wa m'mbali mwa mtsinje. Anati mwala umenewu unali mchenga wa m'mphepete mwa nyanja zaka zoposa mabiliyoni awiri zapitazo, ndipo timizereto ndi ta mafunde a nthawi imeneyo. Amalume anasisita timizereto ndi chala.

"Umufunse, mphwanga, nyanjayo inakwera bwanji kuno?"

"Akuti nyanja sinakwere. Nthaka ndiyo inapendekeka."

"Ndiye ndavutika chonsechi kudzaima pagombe?"

"Ukanabwera ndi mbedza, Mnyasa," anatero bambo wa ku Tete.

Titadya nkhuku inakwana nthawi ya chithunzi. Azakhali anawaveka amalume jekete, naiwongola ndi manja, napukuta nsapato ndi mpango. Ndinawaimika damu lili kumbuyo kwawo, maboti akuoneka bwino. Ndisanajambule, azakhali anaitana kuchokera mbali ina ya phiri kuti tidzaone kwathu. Kumpoto dziko linali tambalale: minda yobiriwira ya ku Brits, timapiri takuda ta miyala, ndi utsi woonda apa ndi apo. Azakhali analoza timadontho tonyezimira ta malata nati ndi Segwaelane. Kenako analoza kanthu kena kakang'ono ngati chitsa cha machesi, pafupi ndi mulu wotuwa.

"Shafuti yanu ndi iyo, rra," anauza amalume, kuwatchula bambo m'Chitswana.

"Kaja?"

"Ndi kameneko."

"Zaka zonsezi ndimalowa m'kabowo kaja?"

Anayamba kuseka, ndipo anaseka nthawi yaitali, mpaka anatulutsa mpango n'kupukuta m'maso.

"Ujambule ziwiri," anatero. "Cha damu n'cha achibale olongolola aja. Cha mgodi n'cha mlongo wanga. Iye adziwe kumene ndinali."

Ndinajambula ziwiri uku, ziwiri uko. Chachisanu anatijambula mphunzitsi uja tonse anayi. Chomaliza ndinawonongera muimba, umene sunaoneke n'komwe.

Kutsika sikunavute. Amalume anati kutsika ndiyo ntchito yawo, ndipo analowa m'kabokosi jekete ili pathupi, ngakhale mabelu anawafunabe onse. Pakati pa ulendo ndinaona kuti atsinzina, koma sindinanene.

Zithunzi zinatuluka Lachitatu. Pa cha mgodi chija amalume anaoneka bwino, chipewa chitapendekeka ndi mphepo, koma shafuti inali kadontho kochepa kuposa njere ya mapira. Anatenga cholembera naika kamtanda pamwamba pake. Kenako anatembenuza chithunzicho. Ndinati ndiwalembere, anakana. Anali asanalembe Chichewa chiyambire makalata awiri aja, ndipo mizere isanu inawatengera theka la ola: "Mlongo wanga, ndili moyo. Ndinalakwa kukhala chete. Mwanayo akwatiwe, ndavomera. Nkhuku yanga udye ndiwe. Pa kamtanda ndi pamene ndimagwira ntchito."

Tchuthi cha ku mgodi sichinawalole kupita, choncho zithunzi ndinapita nazo ndekha kumayambiriro a Ogasiti. Mayi analandira envulopu ali pamphasa akusola chimanga. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, nachiyandikiza kumaso, nachitalikitsa.

"Ndi iyeyo. Taonani makutuwo."

Anawerenga kumbuyo kawiri, milomo ikuyenda. Kenako anaimirira, chimanga chikugwa pachitenje, nayamba kululutira pabwalo mpaka oyandikana nawo anathamangira kuganiza kuti kwabadwa mwana. Madzulo omwewo anayenda nyumba ndi nyumba kwa achibale aja ndi chithunzi cha damu. Cha mgodi sanaonetse aliyense.

Tsiku la chinkhoswe anaika mpando kutsogolo kwa mbali yathu, nayalapo nsalu yoyera, naimikapo chithunzi cha damu chitatsamira botolo. Msuweni wa mayi ndiye analankhula m'malo mwa amalume, koma anakhala pa mpando wa pambali. Nkhoswe ya kuchimuna, bambo wamtali wanthabwala, inabwera ndi tambala wake, inayang'ana uku ndi uku, kenako inagwada patsogolo pa chithunzicho n'kuomba m'manja mwaulemu.

"Muli bwanji kumeneko, achimwene? Mwayenda bwanji?"

Anthu anaseka. Mayi sanaseke. Anayankha mokweza kuti onse amve.

"Ali bwino. Akuti pitirizani, mwanayo ndi wanu."

Mlongo wanga anakwatiwa Loweruka lotsatira.